Kodi rauta ya nyanga 8 ingafupikitse njira ya ku Johannesburg?

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga amene ndikukhala naye kuno ku Lilongwe, anandipeza pakhonde madzulo ena foni ili m'manja. Anakhala kaye pansi, natenga mpweya, kenako anati: "Amalume, taonani ichi. Ndalama ndakhala ndikusunga koma zaperewera. Mukandiwonjezera, mavuto anga onse a gemu atha."

Ndinavala magalasi n'kuyang'anitsitsa chithunzicho. Chinali chinthu chakuda chokhala ndi nyanga 8 zoloza kumwamba, ngati nkhanu yogona chagada. Pansi pake panalembedwa kuti ASUS ROG Rapture GT-AX11000. Iye anati imeneyi ndi rauta ya anthu osewera magemu pa intaneti, yopangidwa ndi kampani ya ku Taiwan, ndipo pamene inkalowa pamsika mtengo wake unali woposa madola 400 a ku America.

Rauta tili nayo kale m'nyumba, kabokosi koyera kamene kamakhala pa kabati pafupi ndi wailesi ya kanema. Koma ya nyanga 8 ndinali ndisanaionepo. Mnyamatayu si wachibwana. Sukulu amalimbikira, ndalamazo anazipeza yekha ndi maganyu, ndipo mpira wa pa PlayStation ndi umene umamupumitsa akatopa. Ndinkafunadi kumuthandiza. Koma akuluakulu anati safunsa anadya phula, choncho ndinamuuza kuti: "Ndilole ndiyambe ndafunsa. Ndikamvetsa, za ndalama tikambirana."

Kumpingo kwathu kuli mnyamata wina amene ntchito yake ndi yoika netiweki m'maofesi. Loweruka lotsatira ndinamuitanira tiyi kunyumba, mphwanga ali pomwepo, ndipo ndinayamba ndi funso limene linali pamwamba pa onse.

"Achimwene, kodi rauta ndi imene imapanga intaneti?"

"Ayi bambo," anatero. "Intaneti imabwera kuchokera kunja, kudzera pa nsanja ya foni, pa nthambo, kapena pa mbale ya satelayiti. Rauta ntchito yake n'kuilandira pakhomo n'kuigawa kwa foni, kompyuta ndi PlayStation za m'nyumba muno."

Ndinaganiza za madzi. Paipi imachokera kumsewu n'kulowa kumpanda, kenako madzi amagawikana kupita kubafa, kukhitchini ndi kumpopi wa panja. Ndinamufunsa ngati munthu wogula mpopi wokwera mtengo amawonjezera madzi obwera kuchokera kumsewu. Anapukusa mutu. Anati ngati bandulo kapena mgwirizano wanu ndi kampani umakupatsani mamegabiti 20 pa sekondi, rauta iliyonse padziko lapansi idzagawa 20 omwewo.

"Nanga 11000 alembedwayu ndi wa chiyani?"

Apa anatenga cholembera n'kulemba manambala atatu kuseri kwa envelopu: 1,148, kenako 4,804, kenako 4,804 wina. Anati rauta imeneyi ili ndi mawailesi atatu mkati mwake, imodzi yolankhula pa 2.4 GHz ndi ziwiri pa 5 GHz, ndipo manambalawa ndi liwiro lapamwamba kwambiri limene wailesi iliyonse ingafike zinthu zonse zitayenda bwino. Mukawaphatikiza mumapeza 10,756, ndipo opanga amangokweza kufika pa 11000.

Izi zinandidabwitsa. Ndinafunsa ngati foni imodzi ingalandire zonsezo nthawi imodzi. Anati ayi, pa rauta ya mtundu umenewu, wa Wi-Fi 6, chipangizo chimodzi chimalumikizana ndi wailesi imodzi basi. Komanso 4,804 amafuna chipangizo cholandira mitsinje inayi ya uthenga nthawi imodzi, pamene mafoni ndi malaputopu ambiri amalandira iwiri yokha, ndiye kuti theka lake. Ndipo thekalo mungaliyandikire mutaima pafupi ndi rauta, popanda khoma pakati.

Mpaka lero mtima wanga sunakhazikike pa nkhani imeneyi. Ngati minibasi zitatu zikuyenda pa liwiro la makilomita 80 pa ola iliyonse, kodi tinganene kuti wokwera akuyenda pa makilomita 240 pa ola? Wokwerayo ali mu minibasi imodzi. Kukhala ndi minibasi zitatu n'kwabwino, chifukwa anthu ambiri akwera osapanikizana, koma ulendo wa munthu mmodzi sufupika. Bwanji osalemba choncho pa bokosi, kuti wogula amvetse chimene akugula?

Funso langa lachitatu linali lakuti: "Kodi gemu imadya intaneti yochuluka bwanji, kuti ifune zonsezi?"

Ndinkayembekezera nambala yaikulu. Iye anati magemu ambiri, pamene munthu akusewera, safika ngakhale megabiti imodzi pa sekondi. Zithunzi zonse za bwalo, udzu, osewera ndi ochemerera zili kale m'makina a m'nyumba. Zimene zimayenda pa intaneti ndi timauthenga ting'onoting'ono: wakuti ali apa, wathamangira kumanzere, wamenya mpira. Kuonera kanema n'kumene kumadya zambiri. Netflix imalangiza mamegabiti 5 pa sekondi pa kanema wooneka bwino, ndi 15 pa wooneka bwino kwambiri wa 4K. Liwiro lalikulu limathandiza wosewera tsiku lokopera gemu yatsopano, chifukwa ena mwa magemu a masiku ano amapitirira magigabaiti 100. Koma mpira ukayamba, nkhani imakhala ina.

"Ndiye vuto la mnyamatayu n'chiyani?" ndinafunsa.

Mphwanga anati: "Amalume, bwerani mudzaone nokha."

Tinalowa kuchipinda chake. Anayatsa gemu n'kupeza wosewera naye wa kutali. Ndinakhala pamphepete pa bedi, maso anga ali pa zala zake m'malo mwa pa kanema. Wosewera wake analandira mpira pafupi ndi golo. Ndinaona chala chake chachikulu chikudina batani, ndinamva ngakhale kulira kwake kuti tcha, koma pa kanema mwendo wa wosewerayo unali usananyamuke. Pamene unkanyamuka, wotchinga kumbuyo anali atafika kale n'kulanda mpira. Kanthawi kake kanali kochepa kuposa kuphethira kwa diso, koma ndinakaona. Mnyamatayo sanalankhule. Anangoika chogwirira pamwendo n'kuyang'ana pansi. Pamenepo ndinamvetsa kuti dandaulo lake ndi loona.

Mlendo wathu analoza kanambala kena pa kanemapo n'kunena kuti dzina lake ndi ping. Anati masewera a pa intaneti amakhala ndi woyimbira, kompyuta yaikulu yotchedwa seva, imene imagamula kuti wafika pa mpira poyamba ndani. Ukadina batani, uthenga umachoka m'nyumba mwako, kukafika kwa woyimbirayo, n'kubwereranso ndi chigamulo. Ping ndi nthawi ya ulendo wonsewo, ndipo amaiyeza m'mamilisekondi, kutanthauza magawo a sekondi itagawidwa ka 1,000. Gemu yoonetsa zithunzi 60 pa sekondi imasintha chithunzi pakatha mamilisekondi pafupifupi 17, choncho munthu wa ping ya 100 amakhala atatsalira ndi zithunzi 6. Choipa kwambiri, anatero, ndi ping yodumphadumpha. Kuchedwa kokhazikika munthu amakuzolowera, amaphunzira kudina msanga. Koma ikamakwera n'kutsika mosadziwika, ngakhale katswiri amasokonezeka.

"Woyimbirayo amakhala kuti?"

"Zimatengera gemu yake, bambo. Tikachita mwayi, ku South Africa. Apo ayi, ku Ulaya kapena kutali kuposa apo."

Anafotokoza kuti Microsoft inatsegula nyumba zake zosungira maseva ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon inatsegula yake ku Cape Town mu 2020, ndipo kampani ya Valve ili ndi maseva a Counter-Strike ndi Dota 2 ku Johannesburg. Kwa wosewera wa ku Malawi, Zambia kapena Mozambique, amenewo ndi oyimbira apafupi.

Apa ndinafika pa funso limene linali kundivuta kwambiri. "Kodi rauta ya nyanga 8 ingafupikitse njira ya ku Johannesburg?"

Anatembenuzanso envelopu ija. Anati uthenga umayenda ngati kuwala m'nthambo za galasi, pa liwiro la makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Ndiye kuti makilomita 100 aliwonse amawonjezera milisekondi imodzi pa ulendo wopita ndi kubwerera. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Johannesburg, monga iulukira mbalame, ndi makilomita pafupifupi 1,500, ndiye mamilisekondi 15. Kukafika ku London ndi pafupifupi 8,000, ndiye mamilisekondi 80. Koma nthambo siziuluka ngati mbalame. Dziko lathu silinakhudze nyanja yamchere, motero nthambo zathu zimadutsa m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania, Mozambique ndi Zambia kuti zikakumane ndi zikuluzikulu za pansi pa nyanja, monga SEACOM imene inayamba kugwira ntchito mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010. Njira imakhota, ndipo pa mphambano iliyonse pali makina amene amawonjezera kanthawi kawo. Anandikumbutsa za mwezi wa May mu 2024, pamene nthambo ziwirizi zinaduka m'nyanja kufupi ndi gombe la South Africa, intaneti n'kuvuta m'maiko angapo a kuno kum'mawa, kuphatikizapo kwathu. Masiku amenewo, wa rauta yodula ndi wa rauta yotchipa analira mofanana.

Ndinafunsa za Starlink, imene inafika m'dziko muno mu 2023. Anati masatelayiti ake amazungulira pamtunda wa makilomita pafupifupi 550, pamene masatelayiti a mtundu wakale ali pa makilomita pafupifupi 36,000 ndipo amachedwetsa uthenga kuposa theka la sekondi. Kusiyana kwake n'kwakukulu ndithu. Komabe uthenga ukatsika pansi uyenera kuyendabe mpaka kumene kuli seva. Palibe chimene chimafufuta mtunda.

Mphwanga sanafune kugonja msanga, ndipo ndinamuyamikira chifukwa cha zimenezo. Anati pali marauta ena amene amakusankhira seva yapafupi. Mlendoyo anavomereza. Anatchula Netgear Nighthawk XR500, imene inatuluka mu 2018 ndi pulogalamu yotchedwa DumaOS yopangidwa ndi kampani ya Netduma ya ku Britain. Imakuonetsa mapu a dziko, iwe n'kujambula bwalo kuzungulira kwanu, ndipo imakana kukulumikiza ndi maseva a kunja kwa bwalolo. Ndinaona kuti ndi nzeru yabwino. Koma ndinafunsa kuti: "Nanga m'bwalomo mukapanda kukhala seva ya gemu yakoyo?" Anati ndiye udzadikira popanda wosewera naye mpaka utalikulitsa bwalolo. Kwa munthu wa ku London, amene wazunguliridwa ndi maseva mbali zonse, chida chimenechi chili ndi zosankha zambiri. Kwa ife kuno zosankhazo n'zochepa.

Ndinayamba kuganiza kuti mwina chinthuchi ndi chikomekome cha mkuyu. Ndinafunsa mosabisa kuti: "Ndiye kuti palibe chimene rauta imeneyi imathandiza?"

"Chilipo, bambo, ndipo n'chachikulu," anatero. "Koma chili m'nyumba mwanu muno."

Anapempha mwana wanga wamkazi kuti atumize kanema wa chinkhoswe cha msuweni wake kwa achibale pa WhatsApp, mphwanga akusewera. Tonse tinayang'ana kanambala kaja. Kanema atangoyamba kupita, kanakwera ngati mtengo wa chimanga mwezi wa February, ndipo osewera pa kanema anayamba kuyenda modukizadukiza. Kanema atatha kupita, kanatsikanso.

Anatifunsa ngati tinaimapo pamzere wa kuchigayo. Mayi wafika ndi matumba 10 a chimanga cha ukwati. Pambuyo pake pafika kamwana ndi kabeseni kamodzi ka ufa wa nsima ya madzulo. Chigayo n'chimodzi. Wogayitsa akatsata mzere mosaganiza, kamwanako kadikira mpaka dzuwa kulowa. Wogayitsa wanzeru amati: "Mayi, taimani pang'ono, kabeseni aka kadutse." Mayiyo sataya kanthu, chifukwa kabeseniko kamatha m'kanthawi kochepa, koma kwa mwanayo kusiyana kwake ndi usiku ndi usana. Kanema wa chinkhoswe ndi matumba aja, timauthenga ta gemu ndi kabeseni.

Anati vuto limeneli lili ndi dzina lake, bufferbloat, limene linatchuka kudzera mwa katswiri wina wa ku America, Jim Gettys, mu 2010, ataona intaneti ya kunyumba kwake ikuchedwa nthawi iliyonse akamatumiza zinthu zikuluzikulu. Mu 2012, Kathleen Nichols ndi Van Jacobson anatulutsa njira yotchedwa CoDel yoletsa mizere yotereyi kutalika. Marauta a magemu ali ndi gawo lotchedwa QoS, limene ndi wogayitsa wanzeru uja: limazindikira timauthenga tachangu n'kutidutsitsa patsogolo. Kuti ligwire bwino ntchito, umaiuza rauta kuti izitumiza pang'ono kuchepera pa liwiro lenileni la intaneti yako, kuti mzere uzipangika m'nyumba mwako momwe rauta ili ndi ulamuliro, osati kunja kumene ilibe mawu. Anachenjeza kuti pa intaneti ya nsanja za foni zimenezi zimavutirapo, chifukwa liwiro limasinthasintha malinga ndi kuchuluka kwa anthu pa nsanjayo.

"Ndiye wogayitsa wanzeruyo amapezeka mu rauta ya madola 400 yokha?"

Anati ayi. Marauta ambiri a mtengo wapakati ali nayenso, ndipo pali pulogalamu yaulere yotchedwa OpenWrt imene odziwa amaiika m'marauta ena otchipa n'kupeza zomwezo. Chimene rauta yodula imaposera ndi mphamvu ya ubongo wake, woti ungasanje mzere wautali kwambiri osatopa, komanso kuphweka kwa makonzedwe ake.

Panatsala nyanga zija. "Nanga nyanga 8, ntchito yake n'chiyani? Kodi zimakuwa kwambiri kuposa ziwiri?"

Anati mphamvu imene wailesi ya rauta ingatulutse ili ndi malire oikidwa ndi malamulo a dziko lililonse, ndipo kwathu kuno woyang'anira mafunde a wailesi ndi bungwe la MACRA. Nyanga zambiri zimathandiza kutumiza mitsinje ingapo ya uthenga nthawi imodzi ndi kulozetsa mafunde kumene kuli chipangizo. Koma kukambirana n'kwa anthu awiri. Rauta ingakhale ndi mawu amphamvu, foni iyenerabe kuyankha ndi kamawu kake kakang'ono kudutsa makoma omwewo. Ndipo makoma athu a njerwa zootcha ndi simenti amafooketsa mafunde a 5 GHz kuposa a 2.4 GHz. A 2.4 GHz amafika patali, koma ndi msika wodzaza: muli marauta a oyandikana nawo nyumba, muli Bluetooth, ndipo njira zosapondana zilimo zitatu zokha, 1, 6 ndi 11. Anawonjezera kuti zipangizo za Wi-Fi zimachita ngati anthu pabwalo la mfumu. Aliyense amamvetsera kaye, akamva wina akulankhula amadikira. Kudikirako n'kumene kumadumphitsa ping.

Kenako anawerama n'kuyang'ana makina a mphwanga. Ndi PlayStation 4 ya mtundu woyamba uja, imene anagula kwa mnzake. Mlendoyo anati: "Iyi imadziwa 2.4 GHz yokha. Mawailesi awiri a 4,804 aja singawamve n'komwe." Chipinda chinakhala zii. Ndinayang'ana mphwanga, iye anayang'ana makina ake. Akanapereka ndalama za miyezi yambiri kugula zinthu zimene makina ake sakanazigwiritsa ntchito.

Mlendoyo anatulutsa m'chikwama mwake nthambo yabuluu ya netiweki. Mbali imodzi anailowetsa kuseri kwa kabokosi kathu koyera, ina kuseri kwa PlayStation, nthamboyo ikudutsa pansi pa chitseko. Mphwanga anayambanso mpira. Kanambala kaja sikanatsike kwambiri, pakuti Johannesburg anali pomwe anali. Koma kanaleka kuvina. Mnyamatayo anasewera mphindi zingapo osalankhula, kenako anati chapansipansi: "Amalume, tsopano ikundimvera."

Ndisanamulole mlendo kupita, ndinamufunsa funso lomaliza, chifukwa sindinkafuna kuweruza chinthu mopanda chilungamo. "Ndani amene rauta yotereyi imamuyenera?"

Anati imayenera nyumba imene ili ndi intaneti ya nthambo ya galasi yothamanga kwambiri, yokhala ndi zipangizo zambirimbiri zatsopano, kapena malo amene anyamata ambiri amasewerera pamodzi. Kumeneko khomo lake lolowetsapo nthambo la magigabiti 2.5 ndi mawailesi ake atatu zimagwiradi ntchito: wailesi imodzi mukhoza kuipatulira magemu okha, ena onse n'kumagwiritsa zinazo. Anatinso mtundu watsopano wa Wi-Fi 7, umene unayamba kuvomerezedwa mu January 2024, umalola chipangizo chimodzi kulankhula pa mafunde awiri nthawi imodzi, kotero kuti kwina kukadzaza uthenga umadutsa kwina. Chimenecho chimachepetsadi kudumphadumpha kwa ping kwa munthu amene sangathe kukoka nthambo. Koma chimafuna kuti rauta ndi chipangizo zonse zikhale za Wi-Fi 7. Kwa amene zinthu zili choncho, ndalama zake sizinapite pachabe.

Usiku umenewo ndinakhalanso pakhonde ndi envelopu ija. Mafunso anga ambiri anayankhidwa, koma limodzi ndikadali nalo, ndipo ndikulipereka kwa opanga ndi ogulitsa. Ngati chimene wosewera amalirira ndi ping yotsika ndi yokhazikika, n'chifukwa chiyani nambala yaikulu pa bokosi ndi ya liwiro, limene gemu sililifuna? Bwanji osalemba kuti nyumba ikadzaza ndi oonera makanema, rauta iyi imasunga ping pa mlingo wakuti? Mnyamata amene wasunga ndalama za maganyu ayenera kuuzidwa zoona m'mawu oti awamve.

Mphwanga tinamugulira nthambo yaitali, n'kuikhomerera bwinobwino m'mphepete mwa khoma. Tinagwirizananso kuti rauta yathu ikadzafuna kusinthidwa, tidzafunafuna ya mtengo wapakati imene imadziwa kusanja mzere. Ndalama zake zikadali m'thumba mwake, ndipo akuti akuzisungira makina atsopano.

Inu makolo, amalume ndi azakhali, mwana akakubweretserani chithunzi cha rauta ya nyanga zambiri, musamukalipire ndipo musathamangire kulipira. Khalani naye pansi, muone akusewera, kenako mufunse limodzi mafunso atatu awa: intaneti imene ikulowa m'nyumba muno ndi yochuluka bwanji, seva ya gemu yako ili kuti, nanga tayesapo kulumikiza ndi nthambo? Mayankho ake ndi amene akuuzeni ngati vuto lili m'nyumba, momwe rauta ingathandize, kapena lili panjira, pomwe palibe nyanga imene ingafike.